Zimene Ndinasokera M'kathumba ka Pachitseko

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, pamene bambo anga ananditumiza kuchoka kwathu ku Dowa kukakhala ndi mlongo wawo ku Mzimba. Azakhali angawo anali telala. Anakwatiwa ndi mwamuna wa komweko amene ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo poti ankabwera pakutha pa mwezi pokha, masiku ambiri tinkakhala awiriwiri. Kwathu anali a Naphiri, koma a ku Mzimba ankawaitana a Nyaphiri. Anali atakhalako zaka zambiri ndithu, komabe akalankhula Chitumbuka anthu ankamwetulira cham'mbali. Anali mlendo, ndipo iwonso ankadziwa zimenezo.

Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa boma. Kumapeto kwa khonde lomwelo kunali a Gondwe, ometa tsitsi, munthu wanthabwala, ndi mpando wawo umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Nthawi imeneyo kaunjika anali atayamba kusefukira mumsika, osoketsa madiresi n'kuchepa. Chimene chinkatidyetsa chinali maluwa. Azakhali ankapeta maluwa ndi makina wamba omwewo. Ankachotsa kaphazi kopondereza nsalu, n'kuphimba mano a pansi ndi kachitsulo, n'kukunga nsalu m'kamkombero kathabwa mpaka ukaigogoda ndi chala izilira ngati ng'oma. Kenaka mapazi akupalasa, manja akuyendetsa kamkomberoko pansi pa singano, uku ndi uku, duwa n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati likumera. Nsalu za patebulo, mapilo a ukwati, zonse zinkabwera kwa iwo. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakulunga ulusi pa bobini, kusesa, ndi kusoka mipendero pamanja.

Tsiku lina m'mwezi wa Julayi, mphepo ikuulutsa fumbi mumsewu, kunabwera mayi wina wachikulire wovala juzi yoluka. Anali a Nyashaba, mphunzitsi wopuma wa ku Embangweni.

"Monire a Nyaphiri. Ndabwera ndi ntchito yachilendo, musandiseke."

Anafotokoza kuti mwana wawo wamwamuna ankaphunzitsa pa boma pomwepo, ndipo nyumba imene anapatsidwa inayang'ana kochokera mphepo. Chitseko chinkangoti mbaa! mbaa! tsiku lonse. Mkazi wake, Joyisi, mtsikana wa ku Mulanje, anali ndi pakati poyamba, atatopa kale, ndipo chitseko chikamenya ankadzidzimuka mpaka kugwira pamimba. Anayesa kuikapo njerwa, koma inakanda simenti yopolisha, ndipo tsiku lina Joyisi anapunthwa nayo chala.

"Ndili mtsikana ndinkaona m'nyumba za pamishoni kathumba kansalu kodzadza mchenga," anatero a Nyashaba. "Amakaika patsinde pa chitseko, mbwenu chitseko chili phee. Ndikufuna mkamwana wanga akhale nako kokongola, kamaluwa, adziwe kuti apongozi ake amamuganizira."

Azakhali anagwira ntchitoyo masiku asanu. Anasoka kathumba kam'kati ka nsalu yolimba, kubwereza msoko kawiri kuti mchenga usadonthe. Kakunja anapeta maluwa ofiira atatu ndi masamba obiriwira, n'kuikako chogwirira pamwamba. Ine anandituma kumtsinje kukatapa mchenga. Ndinautsuka, n'kuuyanika, n'kuukazinga pachiwaya chakale kuti musatsale chinyezi kapena tizilombo, kenaka n'kuusefa. Mchengawo unali woti ukhale pansi polemera. Pamwamba pake pankafunika thonje, kuti kathumba kaime njoo ndipo maluwa asachite makwinya.

Loweruka limene a Nyashaba anati adzatenge, m'mawa kunabwera uthenga wa maliro a mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Azakhali anavala duku mwachangu.

"Esinati, tamvera. Mchenga ulekeze apa. Pamwambapa thonje, lili m'pepala umo. Ukatero utseke pamanja, timisoko tating'ono, tosaoneka. A Nyashaba abwera thuu koloko. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Mchenga ndinathira bwinobwino. Koma nditatsegula pepala la thonje ndinapeza kakang'ono kosadzadza n'chikhatho chomwe. Mbewa zinali zitatuta lonse kukayala kwawo. Ndinaika kameneko, kathumba n'kungoti khwefu, maluwa onse atakwinyika. Ndinayesa kuonjezera mchenga, kathumba n'kufufuma m'munsi, maluwa n'kupotoka. Dzuwa linali likukwera. Pa boma sindinkadziwa kumene amagulitsa thonje, ndipo ndinkaopa kusiya makina okha. Misozi inayamba kulengeza.

"Iwe msungwana, ukulira vichi?" Anali a Gondwe, akukutumula nsalu yawo yometera.

Ndinawaonetsa.

"Aa, zomwezi? Palije suzgo, palibe vuto. Sesa tizigamba tili pansi pa makinapo, upakiremo. Matelala onse amatero."

"Koma muli tsitsi la kwanu, mphepo yabweretsa."

"Tsitsi ndiye lofewa kuposa thonje lako lija! Ukatseka aone ndani? Mbewa?"

Anaseka, n'kubwerera ku mpando wawo.

Mundimvetse bwino apa, chifukwa sindifuna kudziyeretsa. Ndinkadziwa. Kwathu ku Dowa amayi akatimeta ankatola tsitsi lonse mpaka kotsiriza, n'kukaponya okha m'chimbudzi. Ndinkadziwanso zimene anthu amaganiza akapeza kansalu ka chovala chawo pamalo posayenera. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu amadziwa zimenezo. Koma munthu wamkulu, wandevu zake, anali atanena kuti palibe vuto, ndipo ine ndinkafuna kwambiri kuti pasakhale vuto. Ndinasesa. Ndinayesa kuthothola tsitsi pa tizigambato, koma tsitsi lometa limakanirira pansalu ngati chisoso. Nditaona kuti nthawi yatha ndinangopakira zonse, kukanikiza ndi chala, n'kutseka.

Kathumba kanaima bwino zedi. Maluwa anatambasuka ngati ochita kusita.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero a Nyashaba, akukatembenuza m'manja. "Msoko wake sukuoneka n'komwe. Uli ndi manja iwe."

Madzulo azakhali atabwera kumaliro anandifunsa funso limodzi lokha, akuvula nsapato.

"Thonje linakwana?"

"Linakwana."

Masabata atatu amene anatsatira sindidzawaiwala. Njira yanga ya kusukulu inkadutsa kutsogolo kwa nyumba ya Joyisi. M'mawa uliwonse chitseko chinkakhala chotsegula, kathumba kali patsinde pake, maluwa ofiira akuonekera patali. Nthawi zina ndinkamuona iye mwini akutuluka ndi tsache, dzanja lina kumsana, chitenje chake n'kukhudza kathumbako podutsa. Ndinkayang'ana kumbali n'kufulumira. Ndinayesa kudzera njira ina yozungulira, koma zinali chimodzimodzi, chifukwa ndinkakaonabe m'mutu.

Kenaka pa mpope ndinamva amayi akunong'onezana kuti masiku a mkazi wa aphunzitsi akwana koma palibe chikuchitika. Patapita masiku ndinamva kuti amayi ake abwera kuchokera ku Mulanje. Pamenepo mantha anga anasintha mtundu. Poyamba ndinkaopa kugwidwa. Tsopano ndinayamba kuopa kuti mwina ndamumangadi mwana wa eni, osadziwa. Ndinkawerenga pamtima zimene ndinaikamo: nsalu za anthu, tsitsi la anthu, n'kusoka mbali zonse, n'kuika pakhomo. Kodi amene amachita dala amachita zosiyana ndi zimenezi? Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze azakhali, kawiri konse makina anali akulira, ine n'kumeza mawu.

Ndinapita kwa a Gondwe pamene panalibe wometetsa.

"Zija munandiuza zija, ndikuopa."

"Ziti? Iwalako iwe. Mutu ukupweteka ndi zinthu zosaoneka."

Linali Lachitatu, cha m'ma teni koloko, ndili pakhonde poti sukulu inali itatsekera, pamene ndinaona gulu la anthu likuchokera cha kumsika. Patsogolo panali mayi wamfupi, wojintcha, amene sindinamuonepo. Ananyamula chinthu chokulunga m'chitenje, osati pamutu kapena pambali, koma patali ndi thupi lake, ngati wanyamula mphika wotentha. Kumbuyo kwake kunali a Nyashaba, nkhope ili gwa.

Mayiyo anatula katunduyo patsogolo pa makina, n'kuvundukula.

"Telala wake ndinu?"

"Ndine, mayi," anayankha azakhali, akuimitsa makina.

"Ine ndine make Joyisi. Mwana wanga masiku ake anakwana kalekale, ino ndi sabata yachiwiri. Kwathu woyembekezera saima n'komwe pakhomo, kuopa kuti mwana angaimenso panjira. Ndiye ndifike kuno ndipeze mwamuikira chinthu pakhomo penipeni, chosoka mbali zonse, chopanda kamwa, azichikhudza m'mawa ndi madzulo. Mwasokeramo chiyani?"

"Asewere, ndapota, tikuchititsana manyazi pagulu," anatero a Nyashaba. "Ine ndine munthu wa tchalitchi. Mdzukulu ameneyo ndi wanganso."

"Kutchalitchi ndimapita nanenso, asewere. Sindinanene kuti mwalakwa. Ndati titsegule."

Khonde linali litadzadza. Ogulitsa tomato, anyamata a njinga, amayi amene ankasoketsa kwa ife, onse makosi atatalika. Azakhali sanatekeseke ngakhale pang'ono. Anamwetulira, kumwetulira kwa munthu wodziwa kuti alibe mlandu.

"Muli mchenga ndi thonje, mayi. Mchenga wake wochita kukazinga. Esinati, patse lezala."

Ndinatenga lezala m'kabokosi. Ndikukumbukira kuti linali lozizira, ndipo dzanja la azakhali linali litatambasuka kundidikira. Ndinaona kuti akangodula msoko uja atanena kale pamaso pa anthu onsewa kuti muli thonje, palibe adzawakhulupirirenso pa china chilichonse.

"Azakhali, mulibe thonje."

Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono. Amake Joyisi ndiwo anawamva bwino.

"Nena mokweza, mwanawe, tonse timve."

Ndinanena. Za mbewa, za tizigamba ta pansi pa makina, za tsitsi. Nditatchula tsitsi, phokoso lonse linatha, kunangotsala mphepo ikugwedeza malata.

Azakhali anandiyang'ana. Sanakalipe. Anatenga lezala lija, n'kuyala nyuzipepala pansi, n'kutumbula msoko wanga wosaoneka uja okha. Anapendeketsa kathumba. Munatuluka tizigamba tamitundumitundu, topanikizana, ndi timipukutu ta tsitsi, lakuda ndi la imvi. Pamwamba pa zonsezo panagwa kansalu kena, ndipo pakansaluko panali diso la munthu, lotseguka, likutiyang'ana.

"Chiuta wane!" anakuwa mayi wina, anthu n'kubwerera m'mbuyo mopondana.

Zaka zimenezo chipani chilichonse chinali ndi nsalu yake yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri, ndipo ife tinkasoka za zipani zonse. Azakhali anatsegula bokosi la zotsala, n'kutulutsa nsalu imene nkhope yake inadulidwa podula khosi la malaya, n'kulumikiza diso lija pamalo pake. Linakwana ndendende. Anyamata a njinga anaseka, ena n'kuyamba kutonzana za zipani zawo, ndipo ine ndinaganiza kuti tapulumuka.

Koma azakhali, pofuna kuonetsa kuti palibe chobisika, anayamba kutola tizigamba kamodzikamodzi n'kumatchula. Aka ndi ka yunifolomu ya mwana wa a Nyirenda. Aka ndi ka diresi ya a Nyamoyo. Aka ndi ka chilundu cha amake Tiwonge. Ndipo eni ake ena anali pomwepo.

"Nsalu yanga ikutani pakhomo pa munthu wapakati?" anafunsa a Nyamoyo. "Chikachitika chinthu, anthu adzati ndine!"

"Nanga tsitsili ndi la yani?" anafunsa amake Joyisi.

Ndinaloza kumapeto kwa khonde. "Ndi la ometetsa. Anandiuza kuti ndiike ndi a Gondwe."

Maso onse anatembenukira kumeneko. A Gondwe anali akumeta mnyamata wina, ndipo sanaimitse n'komwe sizasi.

"Ine? Nkhumanya yayi, sindikudziwa kanthu. Mwana ameneyu sindinachezepo naye. Tsitsi langa ndimasesa ndekha, ndimakataya kuchimbudzi tsiku lililonse. Afunseni eni makinawo kumene analitenga."

Nkhope yawo inali yosalala, yaulemu, ngati akupereka moni. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akunama chotero, mopanda ngakhale kuphethira.

Amake Joyisi ananjuta patsogolo panga mpaka maso athu analingana.

"Anakutuma munthu?"

"Ayi."

"Mwana wanga anakulakwira?"

"Ayi, sindinalankhulepo naye."

"Unadziwa kuti tsitsi saika m'zinthu za anthu?"

"Ndinadziwa."

Kenaka anakwawa ndi mawondo, mayi wamkulu ngati ameneyo, n'kusuzumira pansi pa makina. Anatola tizigamba ta tsiku lomwelo, n'kutiyang'anitsitsa padzuwa. Natonso tizigambato tinali ndi tsitsi. Anaona mphepo ikukankha lina kuchokera pansi pa mpando wa a Gondwe, likugubuduka pasimenti kubwera kwathu.

"Ndaona," anatero akudzuka ndi kusasa mawondo. "Mwanayu ndi wopusa, koma si mfiti. Telalayu sanadziwe. Koma chinthuchi sichibwereranso kunyumba kwa mwana wanga."

Anasonkhanitsa zonse, tizigamba, tsitsi, ndi kathumba komwe, n'kukazitentha kuseri kwa sitolo. Azakhali anaima chapatali akuona maluwa awo a masiku asanu akupsa. A Nyashaba anachoka osatsanzika, ndipo sanabwerenso kudzasoketsa.

Patatha masiku anayi Joyisi anachira kuchipatala, mwana wamkazi wamphamvu bwino. Anamwino anati mimba yoyamba imachedwa nthawi zina, si zachilendo. Koma kumsika nkhani inali ina. Kumeneko ankati taonani, atangomasula chithumba chija mwana wabadwa. Mawu a amake Joyisi oti telala sanadziwe palibe amene anawakumbukira. Sabata yotsatira mwini sitolo anaitana azakhali pambali n'kuwauza mwaulemu kuti ogula akuopa kukwera khonde lake.

Tinanyamula makina pa wilibala kupita nawo kunyumba, ine ndikukankha, iwo atagwirira mutu wa makina kuti usagwe. Njira yonse ndinkadikira mbama. Sinabwere. Titayandikira kunyumba ndi pamene analankhula, osandiyang'ana.

"Ndinakufunsa, unati linakwana. Ine ndinangomva, osakagwira pepala lija ndi dzanja langa. Iwe unamvera a Gondwe, ine ndinamvera iwe."

Sanandibweze ku Dowa. Anapitiriza kundiphunzitsa, mpaka kupeta maluwa kumene. Koma kuyambira tsiku limenelo palibe pilo, khushoni kapena chilichonse chotseka chimene ndinatseka iwo asanapisemo dzanja mpaka pansi. Zinkandiwawa, ndipo ndinkadziwa kuti ndilibe ponena. Panatenga pafupifupi zaka ziwiri kuti ntchito ibwerere, ndipo oyamba kubwera anali akazi a apolisi ndi anamwino ongofika kumene pa boma, amene nkhaniyo sanaimve. Pa khonde paja sitinabwererepo. Mwezi usanathe a Gondwe anaika mpando wachiwiri pamalo pamene pankakhala makina athu. Sindikunena kuti anachita dala. Ndikungonena zimene ndinaona.

Zaka zambiri ndinkadana ndi amake Joyisi. Ndinkati mayi wankhanza, wokayikira anthu osalakwa, anatichotsera chakudya pakamwa. Pano ndili ndi zidzukulu zanga, ndipo ndikakhala pansi n'kuganiza bwino, pa anthu onse amene anali pakhonde paja ndi iwo okha amene sanakhutire ndi mawu a munthu. Sanakhulupirire asewere awo, sanakhulupirire azakhali, sanakhulupirire a Gondwe, ndipo ine amene ndinkalira sanandikhulupirirenso mpaka atagwada n'kuona okha pansi pa makina. N'chifukwa chake ndi iwo okha amene anapeza zoona. Ena onse anamva nkhani n'kuithamangitsa. A Nyashaba anali ndi mtima wabwino, azakhali anali ndi mtima wabwino, inenso sindinkafunira munthu choipa, koma tsitsi la anthu osadziwika linakhala pakhomo pa mwana wa eni masabata atatu.

Mpaka lero ndimasoka timathumba ta pachitseko, poti mphepo ya ku Mzimba sinasinthe. Koma tanga ndimaika zipi pansi, ndipo wogula ndimamuuza atsegule pamaso panga asanatuluke. Ena amaseka, amati agogo inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe. Ndimawasiya aseke.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi ali woyembekezera, apongozi ake anamubweretsera kapilo ka mwana, kokongola, kosoka mbali zonse. Ndi anthu abwino, opemphera, sindinawamverepo choipa. Ndinawathokoza ndi manja awiri, ndinawaphikira tiyi, ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Nditabwerera ndinatseka chitseko, n'kutenga lezala. Munali thonje lokhalokha, loyera bwino. Ndinasokanso timisoko tating'ono, ndipo sanadziwe. Akadzabweretsa kena, ndidzatsegulanso.